Chikhulupiriro ndi Utsogoleri, Gawo Lachitatu: Kalata ya Maepiskopi ya 1992

Sabata yatha tinaona kuti mtsogoleri sadziwika ndi mapemphero ake ayi, koma ndi ntchito zake. Lero tiyeni tikumbukire tsiku limene atsogoleri a mpingo anayankhulira anthu amene analibe pakamwa.

Lamulungu pa 8 Malichi 1992, m'nyengo ya Lenti, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse la Malawi munawerengedwa kalata ya maepiskopi, motsogozedwa ndi Arkiepiskopi James Chiona. Kalatayo inadandaula za malipiro ochepa a antchito, kuchepa kwa aphunzitsi ndi mankhwala, ziphuphu ndi kukondera, ndiponso za anthu otsekeredwa m'ndende popanda kuzengedwa mlandu. Zonsezi anthu ankazidziwa kale, koma ankangonong'onezana m'nyumba atatseka zitseko.

Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, koma boma la Dr Hastings Kamuzu Banda silinaone choncho. Linalamula kuti kupezeka ndi kalatayo ndi mlandu woukira boma. Apolisi anawapanikiza maepiskopiwo ndi mafunso, nyumba yosindikizira mabuku ya a Montfort ku Balaka inatenthedwa, ndipo Monsignor John Roche wa ku Mzuzu anapitikitsidwa m'dziko muno. Chodabwitsa nchakuti Dr Banda yemweyo anali mkulu wa mpingo wa Church of Scotland. Apa mpamene pagona phunziro loyamba: udindo wa mu mpingo suletsa munthu kupondereza anzake.

Moto unali utayaka kale. Ophunzira a ku Chancellor College ku Zomba anaguba pogwirizana ndi maepiskopi. Chaka chomwecho a CCAP, a Anglican, Asilamu, maloya ndi amalonda anagwirizana ndi Akatolika nakhazikitsa Public Affairs Committee, imene inakambirana ndi boma. Pa 14 Juni 1993, pa riferendamu, anthu pafupifupi 63 mwa 100 alionse anasankha ulamuliro wa zipani zambiri. Pa 17 Meyi 1994, dziko limene Akhristu ndiwo ochuluka linasankha Msilamu, Bakili Muluzi, kukhala mtsogoleri wake. Phunziro lachiwiri ndi limeneli: mavoti safunika kutsata chipembedzo cha munthu.

Inu amene mwangomaliza sukulu, tsiku likudza pamene ofuna mipando adzafika kwanu atanyamula buku lopatulika m'dzanja lina, nsalu ndi ndalama m'dzanja linalo. Musadzafunse kumene amapemphera. Mudzafunse ngati ananenapo zoona pamene zoonazo zikanawapweteka, ndiponso ngati chuma chimene anasungitsidwa chinafika kwa eni ake. Ndipo inu aphunzitsi, kumbukirani kuti mwana amene mwamlekerera kubera mayeso lero ndiye adzabere mavoti mawa.

Sabata yamawa tidzaona za Dr Lazarus Chakwera, m'busa amene anatsogolera mpingo wa Assemblies of God mpaka 2013, nasankhidwa kulamulira dziko mu 2020.