Ukwati Ukatha ku Thyolo: Kuchita Lendi Kapena Kumanga Yakoyako?

Aliyense amene anayendapo pa msewu wochokera ku Limbe kulowera ku Mulanje, akapitirira pa Bvumbwe nayamba kuona minda ya tiyi itayalana kuchokera m'zigwa kufikira m'tsinde mwa phiri la Thyolo, yobiriwira dzinja ndi chilimwe chomwe, akhoza kuyesa kuti m'dziko lachonde chotere mulibe munthu wosowa potsamiritsa mutu wake; koma iwo amene anabadwira komweko adziwa kuti kubiriwira konseko kuli ndi eni ake, ndi kuti anthu 721,456 amene anawerengedwa m'bomali pa kalembera wa 2018 amapanikizana pa malo otsala kunja kwa malire a Satemwa, Conforzi, Naming'omba, Makandi, Nchima ndi minda ya Eastern Produce. Kumalo kotere ukwati ukatha, ankhoswe asanadzuke n'komwe pamphasa, mmodzi wa awiriwo amakhala atayamba kale kusinkhasinkha za kumene akagone, ndipo posakhalitsa amaima pa mphambano ya njira ziwiri: kufuna chipinda cha lendi pa Thyolo Boma, pa Luchenza, pa Goliati kapena pa Makwasa, kapena kulimba mtima ndi kumanga nyumba yakeyake.

Tisanayese njira ziwirizi pamuyeso, tiyenera kuona amene amatuluka m'nyumba ukwati ukatha, pakuti mwambo suwatulutsa mofanana mwamuna ndi mkazi. Alomwe ndi Amang'anja, amene ndiwo ochuluka m'bomali, amatsata chikamwini: mwamuna amachoka kwawo nakamanga kwa mkazi, pa malo a mbumba ya mkaziyo, nalima munda umene apongozi amuloza, ndipo tsiku limene asudzulidwa, ngakhale anaumba yekha njerwa ndi kukhoma yekha malata, amanyamula bulangeti, zovala ndi zipangizo zake, nasiya nyumba ndi ana m'manja mwa mkazi ndi atsibweni a anawo. Akale anati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ndipo podziwa zimenezi sanalole kuti nthaka ikhale m'manja mwake. Akabwerera kwa amake amalandiridwa ndi ulemu monga mwinimbumba, koma minda imene ili kumeneko ndi ya alongo ake ndi ana awo, ndipo m'midzi mmene munda umodzi wagawidwa kale kanayi kapena kasanu, mwamuna wa imvi amapezeka akugona m'gowelo pamodzi ndi anyamata. Ichi ndicho chifukwa chake ambiri mwa amuna osudzulidwa ndiwo amayamba kufunsafunsa za zipinda za lendi.

Mkazi wotsala pamudzi pake ali ndi mwayi wa denga, ngakhale katundu wa ana amamugwera yekha. Koma alipo ena amene anatengedwa chitengwa, kapena anatsata amuna awo ku nyumba za kampani, osamangiridwa kanthu kwawo. Nyumba ya kampani imayendera limodzi ndi ntchito: imapatsidwa kwa iye amene dzina lake lili m'kaundula wa antchito, kaya ndi wothyola tiyi, mlonda, kapitawo kapena wa m'fakitale, ndipo banja likatha, amene dzina lake mulibe m'kaundulamo ndiye amamanga katundu. Ngakhale wotsalayo asadzinyenge kuti wapeza pokhazikika, pakuti tiyi amaphuka kwambiri nthawi ya mvula, kuyambira cha mu Disembala kufikira cha mu Epulo, ndipo mvula ikasiya, antchito ambiri olembedwa kwa nyengo amabwerera kwawo. Amenenso ali pa ntchito yokhazikika adzapereka makiyi tsiku lopuma ntchito kapena lochotsedwa. Khasu lobwereka silichedwa kuthyoka.

Anthu a ku Thyolo ali ndi chifukwa chakale chonyansidwira ndi kukhala pa malo a mwini, ndipo amene afuna kuwalangiza ayenera kuchidziwa. Pamene Harry Johnston anatsimikizira azungu umwini wa malo aakulu m'zaka za m'ma 1890, gawo lalikulu la Cholo, monga ankalitchulira bomali, linagwera m'manja mwa eni minda, kenaka malo ambiri nakhala a British Central Africa Company, ndipo Alomwe amene anawoloka malire kuchokera ku Mozambique anapatsidwa pomanga pokhapokha atavomera thangata, ndiko kulipira malo ogonapo ndi thukuta lawo. Lamulo la 1928 linalola kuti munthu alipire ndi ndalama, ndi ntchito kapena ndi mbewu, komanso linapatsa mwini munda mphamvu yokaniza mwamuna wochokera kwina kudzamanga kwa mkazi wake wokhala pa mundapo, chimene chinali kulasa chikamwini pamtima penipeni. Lendi itakwezedwa kuposa kawiri, mkwiyo unasefukira mu Ogasiti 1953, anthu 11 nataya miyoyo yawo m'zipolowe zimene zinayambira m'bomali. Ndipo thangata linathetsedwa ndi lamulo m'chaka cha 1962. Adzukulu a anthu amenewo akamva kuti mbale wawo akulipira mwininyumba mwezi ndi mwezi, amapukusa mitu ngati kuti wabwerera ku ukapolo.

Komabe tiyenera kunena chilungamo, kuti lendi ya masiku ano ili ndi ubwino umene munthu wongosudzulidwa kumene sayenera kuunyoza. Miyezi yoyamba ukwati utatha ndi nthawi imene mtima uli wowawa ndipo maganizo sali pamodzi, katundu sanagawidwe, za ana sizinakhazikike, ndipo kawirikawiri nkhani ikali kwa ankhoswe, kwa amfumu kapena ku khoti. Munthu amene athamangira kugula malo m'masiku otere, pofuna kuonetsa mnzake wakale kuti sanagwe, ndiye amagulitsidwa puloti imene yagulitsidwa kale kwa anthu ena awiri. Chipinda chimodzi pafupi ndi ntchito chimamupatsa mpata wopuma ndi woona kumene moyo ukulowera; denga likadontha ndi udindo wa mwininyumba; ntchito ikatha ku Thyolo nipezeka ku Mulanje kapena ku Limbe, amapereka notisi nanyamuka wopanda chomukoka m'mbuyo. Kwa bambo amene afuna kuti ana ake azimuona, kukhala pa mtunda woti mwana akhoza kuyenda pansi poweruka kusukulu kuli ndi mtengo woposa nyumba ya malata yomangidwa kutali. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zowawa zake nazo sizibisika. Eni nyumba ambiri amafuna ndalama za miyezi ingapo munthu asanalowe, amakweza lendi pamene afunira, ndipo popeza mapangano ambiri amakhala apakamwa, wokhalamo alibe pogwira akauzidwa kuti atuluke chifukwa mwana wa mwininyumba akukwatira. Chimbudzi, bafa ndi chingwe choyanikira zovala zimakhala za mabanja angapo, ndipo mayi wokhala yekha ndi ana amawerengeredwa alendo onse olowa pakhomo pake, mpaka dzina lake kumveka pa mjigo. Choposa zonse n'chakuti wa lendi alibe munda: ufa, ndiwo ndi nkhuni zonse zimachokera m'thumba limodzi lomwelo la malipiro, ndipo miyezi imene tiyi sakuphuka, lendi siipuma nawo. Pa ukwati mitu iwiri inkathandizana, wina ku ntchito wina ku dimba; tsopano zonse zili pa msana umodzi, ndipo munthu akhoza kulipira zaka khumi ndalama zokwanira malata ndi zitseko, natuluka ndi mphasa yomwe analowa nayo.

Tsono amene waganiza zomanga ayambe wafunsa za nthaka asanafunse mtengo wa njerwa, pakuti nyumba ndi ya mwini malo amene yaimapo, ndipo ichi ndicho chiphunzitso chimene mkamwini aliyense wosudzulidwa wachiphunzira ndi misozi. Mayi amene ali ndi gawo pa malo a mbumba ali pabwino, koma aitane atsibweni, abale ndi nyakwawa kuti malire ake alozedwe anthu akuona, chifukwa mikangano yambiri ya malo m'midzi yathu imabuka pakati pa ana a achemwali awiri, eni ake atagona kumanda. Amene afuna malo kwina asakhutire ndi kapepala kolembedwa ndi wogulitsa yekha. Afunse oyandikana nawo, aonane ndi amfumu, atsimikize kuti abale onse a wogulitsayo avomera, ndiponso kuti malowo sanalowe m'malire a kampani kapena a nkhalango ya boma. Lamulo la malo a makolo la 2016, limene linayamba kugwira ntchito mu 2018, linatsegula njira yakuti munthu, mwamuna kapena mkazi, alembetse malo ake m'dzina lake kudzera m'komiti ya malo yotsogozedwa ndi gulupu, mmene mwa mamembala 6 osankhidwa, osachepera atatu ayenera kukhala amayi. Ndipo ku ofesi ya DC ndiko kofunsa ngati kalemberayu wafika m'dera lanu. Pomaliza ayang'ane pamene malowo agona, pakuti namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anaonetsa maboma a kummwera kuno chimene chimachitikira nyumba zomangidwa pa matsitso a mapiri ndi m'mphepete mwa mitsinje. Puloti yotsika mtengo modabwitsa kawirikawiri ili ndi chifukwa chake.

Kumanga kwenikweniko, kwa munthu wa malipiro a ku tiyi, kumatheka pokhapokha atakugawa m'zigawo. Njerwa zimaumbidwa m'chilimwe, ndipo popeza nkhuni zootchera uvuni zasowa pamene mitengo ya m'phiri la Thyolo yatha, ambiri amayamba ndi zidina pa maziko olimba, nazitchinga ndi khonde lotambalala kuti mvula isanyambite khoma. Zipinda ziwiri zokhoma bwino, zokhala ndi chimbudzi chake, ziposa nyumba ya zipinda zisanu imene yaima zaka zambiri yopanda denga, udzu ukumera m'kati. Wanzeru amayamba wakhala pansi nawerengera mtengo wake, kuti odutsa m'njira angamuseke. Ndalama yosungidwa m'chikwama imasungunuka, monga tinaonera kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Chotero amene alandira gawo lake ku banki mkhonde, kapena malipiro a miyezi ya tiyi wambiri, achita bwino kuligula msanga malata, misomali ndi mafelemu, nasiya simenti kufikira sabata yoigwiritsa ntchito, popeza imauma ikakhalitsa. Katapila ndiye ayenera kuthawidwa kotheratu, chifukwa chiwongoladzanja chake chadya kale nyumba zambiri zisanagonedwe. Ndipo popeza mutu umodzi susenza denga, amene anasudzulana ndi mkazi kapena mwamuna asasudzulanenso ndi abale, ampingo ndi anzake a kuntchito, pakuti iwowa ndiwo adzatunga madzi tsiku loumba ndi kukweza mitengo ya phaso.

Ambiri amataya chuma chomangira chifukwa chosadziwa zimene lamulo linawapatsa. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limanena kuti ukwati ukatha mkazi ayenera kulandira gawo loyenera la katundu amene anali wa awiriwo, pamodzi ndi chithandizo choyenera. Lamulo la maukwati la 2015 limalamula khoti kugawa katundu mwachilungamo, poganiziranso ntchito za pakhomo ndi kulera ana, zimene sizilembedwa pa lisiti. Komanso kuyambira pa mlandu wa Matimati ndi Chimwala m'zaka za m'ma 1960, makhoti akhala akugamula kuti mwamuna wa ukwati wa chikamwini ali ndi udindo womangira mkazi wake nyumba, ndipo kutha kwa ukwati sikumumasula ngati anali asanamange. Mayi wotuluka m'nyumba ya kampani manja ali m'khosi ayenera kudziwa zimenezi, ndipo bambo amene akuwerengera zomanga yake ayenera kuwerengeranso ngongole imeneyi ndi chithandizo cha ana. Osowa ndalama ya loya akhoza kupita ku Legal Aid Bureau, imene inakhazikitsidwira anthu otere.

Ena, poona kuti m'bomali malo atha, anasankha kusamuka. Pakati pa 2004 ndi 2011, pulojekiti ya Kudzigulira Malo, yothandizidwa ndi World Bank, inapezera malo mabanja oposa 15,000, ena a iwo ochokera ku Thyolo ndi Mulanje, amene anakakhazikika ku Machinga, Mangochi ndi maboma oyandikana nawo. Njira imeneyi inapatsa anthu minda, koma inawachotsa pafupi ndi ntchito za m'minda ya tiyi ndi manda a makolo awo, ndipo kwa kholo limene ana ake atsala ku Thekerani kapena ku Khonjeni, mtunda wotere ndi mtengo wolemera.

Palinso msampha wina umene amuna ambiri amagweramo, ndiwo kukwatira msanga pofuna denga. Munthu watopa ndi lendi, wapeza mayi wa nyumba yake, nalowanso chikamwini, naumbanso njerwa pa nthaka ya apongozi atsopano, ndipo zikavutanso amatuluka monga anatulukira poyamba, koma tsopano mphamvu zitatha. Kumangira mkazi ndi udindo wolemekezeka, koma sikuletsa mwamuna kukhala ndi kapuloti kolembedwa m'dzina lake, kamene lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo ana ake ndi mkazi wake kuti adzalandire, makamaka akasiya wilu yolembedwa bwino.

Chigamulo chathu tsono n'chotere. Wosudzulidwa achite lendi wopanda manyazi, m'chipinda chaching'ono chimene malipiro a miyezi yowuma angakwanitse, pa pangano lolembedwa ndi mboni, kufikira nkhani za katundu ndi za ana zitatha. Koma kuyambira mwezi woyamba womwewo azipatula kanthu ka malo, ndipo malowo akatsimikizika azimanga pang'onopang'ono monga thumba lake lilola. Inu amene mukugona m'nyumba ya kampani lero, kaya muli pa banja kaya muli nokha, yambani kufunsa za malo anu ntchito ikalipo ndi mphamvu zikalipo, pakuti tsiku lopereka makiyi lidzafika ndithu.