Asanakuwongoleni msana, dziwani zomwe amaphunzira akatswiri a ntchitoyi

Ngati mumakhala ku Chikamveka kapena dera lina la mumzinda wa Zomba, mukuwadziwa amayi otsika m'phiri ndi mitolo ya nkhuni pamutu, anyamata osenza matabwa, komanso akabaza opalasa chitunda ali ndi munthu kumbuyo. Madzulo msana ukagwira, ambiri timadziwa chochita: kugona chafufumimba n'kuuza mwana kuti atiponde, kapena kupempha mnzathu atikumbatire chakumbuyo n'kutinyamula mpaka msana ulire kuti thyo. Ukalira timati fupa labwerera m'malo.

Fupa silinachoke m'malo, ndipo silinabwerere. M'malo olumikizirana mafupa muli timadzi totelera. Mfundoyo ikakokedwa mwadzidzidzi, m'timadzimo mumapangika kathovu ka mpweya, ndipo kulira kuja kumachokera pamenepo. N'chimodzimodzi ndi kuthyola zala: mukathyola chala, chimatenga mphindi pafupifupi 20 kuti chidzalirenso. Choncho kulira pakokha si umboni wakuti mwachira.

Kuwongola msana ndi manja ndi ntchito yomwe anthu amakaphunzira ku sukulu za ukachenjede. Odziwika nayo kwambiri ndi a chiropractic, njira yomwe anayambitsa Daniel David Palmer mu 1895 ku Davenport m'dziko la America. Kwa ife, sukulu zoyandikira zili ku South Africa, pa Durban University of Technology ndi University of Johannesburg, ndipo omaliza maphunziro amalembetsa ku bungwe la Allied Health Professions Council of South Africa asanayambe kugwira odwala. Mu 2005, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa ndondomeko yakuti wophunzira ntchitoyi akhale ndi aphunzitsi ake kwa maola osachepera 4,200 m'zaka zinayi, ndipo maola 1,000 mwa amenewa akhale akuona odwala pamaso pa womuyang'anira.

Mungadabwe kuti maola onsewo ndi a chiyani, poti kukankha kwenikweniko sikutenga ngakhale theka la sekondi.

Amayambira pa kudziwa thupi. Msana uli ndi mafupa 33: 7 m'khosi, 12 pomwe pamalumikizana nthiti, 5 m'chiuno, ndipo otsalawo anamatana kumunsi. Mkati mwa mafupawa mumadutsa mtsempha waukulu wochokera ku ubongo, womwe umalamulira manja, miyendo, chikhodzodzo ndi matumbo. M'khosi muli mitsempha iwiri ya magazi yomwe imadutsa m'timabowo ta mafupa popita ku ubongo. Wophunzira amayenera kudziwa zonsezi ngati njira ya kwawo.

Kenako amaphunzira kumva ndi zala. Ophunzira amagwirana okhaokha, kufufuza fupa limodzi ndi limodzi, kusiyanitsa mfundo yolimba ndi mnofu wokungika. Akatero amaphunzira kugoneka munthu, poika mapazi awo, ndi pogwira. Asanakankhe amayamba adinikiza pang'onopang'ono mpaka mfundoyo ifike pomwe imalekezera kusuntha, ndiyeno n'kukankha mwachangu koma pang'ono zedi. Apa ndi pomwe ongoyamba kumene amavutika. Amakankha mochedwa, kapena amabweza kaye manja ngati munthu wofuna kumenya nkhonya, ndiye mphamvu imapita posayenera.

Kale mphunzitsi ankangoyang'ana ndi maso n'kunena kuti "onjezera" kapena "chepetsa". Masiku ano sukulu zina, monga Canadian Memorial Chiropractic College ku Toronto, zili ndi mabedi oyeza mphamvu. Wophunzira amakankha chidole chooneka ngati munthu, ndipo kompyuta imaonetsa nthawi yomweyo mphamvu yomwe waika, liwiro lake ndi komwe yalowera. Amabwereza kambirimbiri mpaka manja azolowere muyezo, chifukwa mphamvu yoyenera mnyamata wamatabwa ikhoza kuthyola nthiti ya gogo.

Komabe phunziro lalikulu ndi la kudziwa munthu wosayenera kumugwira. Kwa ife ku Malawi, mbali imeneyi ndi yofunika kuposa zonse. Chifuwa chachikulu cha TB sichigwira mapapo okha. Chimalowanso m'mafupa a msana n'kumawadya mwakachetechete, ndipo chiopsezo chimakula kwa anthu omwe ali ndi HIV. Chimayamba ngati kupweteka kwa msana wamba. Khansa ya prostate kapena ya m'mawere ikafalikira imakondanso kukafika ku msana. Mafupa a achikulire, makamaka amayi omwe anasiya kusamba, amatha kufooka mkati osaonekera kunja. Munthu wogwa panjinga kapena mumtengo akhoza kukhala ndi fupa long'aluka koma akuyendabe. Msana wotere ukapondedwa, fupa likhoza kuphwanyika n'kupanikiza mtsempha waukulu uja, munthu n'kufa miyendo.

Khosi ndiye losaseweretsa. Sizichitika kawirikawiri, koma anthu ena adwalapo sitiroko atapotokoledwa khosi, mtsempha wa magazi utang'ambika mkati. Wometa tsitsi akafuna kukupotokolani khosi ngati basera, mukaneni.

N'chifukwa chake munthu wophunzira bwino amayamba ndi mafunso. Ululu unayamba liti? Mukuonda? Mumatuluka thukuta usiku? Munagwapo? Mumamwa mankhwala anji? Amakuyesani mphamvu ya miyendo ndi kumva kwa khungu, ndipo akakayika amakutumizani kukajambulidwa. Wongokuuzani kuti "gonani apa" musanafotokoze chilichonse wadumpha gawo lomwe limakutetezani.

Nanga zimathandiza? Pa msana wopweteka wamba, wopanda matenda obisika, kuwongola kumachepetsako ululu kwa anthu ena, mofanana ndi momwe masewera olimbitsa thupi amathandizira. Mu 2023, WHO inakuika pa njira zomwe zingaperekedwe kwa odwala msana kwa nthawi yaitali, limodzi ndi njira zina osati pakokha. Koma zomwe ankaphunzitsa Palmer, zoti matenda ambiri amabwera chifukwa cha mafupa a msana osokonekera, zilibe umboni. Wokuuzani kuti akawongola msana shuga, BP kapena mphumu zitha, musiye mankhwala akuchipatala, akukunamizani.

Kuno kwathu, ophunzira kuthandiza msana ndi manja komanso masewera ndi a mafizo. Digiri yake imaphunzitsidwa ku Kamuzu University of Health Sciences ku Blantyre, ndipo ogwira ntchitoyi amalembetsa ku Medical Council of Malawi. Muli ndi ufulu wofunsa aliyense wofuna kugwira msana wanu komwe anaphunzira komanso chiphaso chake. Waluso lenileni sakwiya ndi funso limeneli.

Nthawi zambiri msana wopweteka chifukwa cha katundu umapola wokha m'masabata ochepa, makamaka mukamayendayenda m'malo mongogona. Koma pitani kuchipatala tsiku lomwelo, kwa a ku Zomba ndi ku Zomba Central Hospital kapena chipatala chaching'ono chomwe muli nacho pafupi, ngati miyendo ikufooka kapena kuchita dzanzi, ngati simukumva kukhudza pakati pa miyendo, ngati mkodzo ukukanika kutuluka kapena ukungotuluka wokha, kapena ngati ululuwo wabwera mutagwa. Msana wopweteka usiku, limodzi ndi kutentha thupi, kuonda kapena kachotupa pamsana, ukaonedwe ndi dokotala wina aliyense asanaupondepo.