Kodi Ndende Ingakhale Malonda?

Ife a ku Kwacha, za kugulitsa makampani a boma sitinaziphunzire m'buku ai. Lamulo lake linakhazikitsidwa mu 1992, pa ulamuliro wa a Frederick Chiluba, amene kale anali mtsogoleri wa bungwe la anchito la ZCTU. Mgodi wa ku Luanshya unagulitsidwa mu 1997. Pofika 2000 kampani imene inaugula inali itagwa, mabanja n'kutsala manja ali m'khosi. M'caka comweco migodi ya Nkana ndi Nchanga nayonso inacoka m'manja mwa ZCCM.

Kumaiko ena malonda otere anafika ndi kundende komwe. Ku South Africa, ndende ya Mangaung ya ku Bloemfontein inatsegulidwa mu 2001, yosunga akaidi pafupifupi 3,000. Boma linali kulipira, kampani n'kumayendetsa zonse. Bungwe la POPCRU, loimira apolisi ndi alonda a ndende, linatsutsa mcitidwewu kwa zaka zambiri. Mfundo yao inali yakuti kulanga munthu ndi udindo wa boma, ndipo kampani imayang'ana phindu. Nanga m'ndende phindu lingacokere kuti? Licokera pa kucepetsa alonda, malipiro ao ndi zosowa za mkaidi.

Mu 2013 kampani ya G4S, imene inali kuyendetsa ndendeyo, inacotsa nchito alonda oposa 300 amene ananyanyala nchito. Cipwirikiti cinakula kotero kuti mu October boma linalanda ndendeyo kwa miyezi ingapo. Mu 2022 mkaidi wina wopha munthu anathawamo, m'cipinda mwake n'kupezeka mtembo wopserera wa munthu wina. Pamenepo ambiri anakumbukira cenjezo la anchito aja.

Kuno kwathu ndende za Kamfinsa ku Kitwe, Kansenshi ku Ndola ndi Mukobeko ku Kabwe zili m'manja mwa boma. Tisabise: akaidi ndi othithikana, ndipo ena amakhala nthawi yaitali akudikira kuti mlandu wao uzengedwe. Tsiku lina wina adzati, "Zipatseni kampani, zonse zidzakhala bwino." Tsiku limenelo tidzakumbukire Luanshya. Mgodi ukagwa, munthu angathe kukafuna ganyu kwina. Koma mkaidi alibe kothawira. Ndiponso pamene ndalama zibwera cifukwa ca ndende, ndani adzalakalaka kuti akaidi acepe?

Papa Leo XIII anateteza mabungwe a anchito mu 1891, pophunzitsa kuti munthu si katundu. Mkaidi nayenso si katundu. Tipemphe aphungu athu kuti makhoti afulumize milandu ndi kuti boma lisamale ndende zake. Ifenso m'miphakati yathu tisonkhe sopo ndi mabulangeti, tikaceze ku Kamfinsa. Caona mnzako capita, mawa cili pa iwe: wokhala m'katimo angakhale mwana wanu.