Kafue ndi Mudzi wa Asodzi wa Chanyanya

Munthu wochokera ku Lusaka akatsata msewu waukulu wolowera kummwera amadutsa pa Chilanga, pomwe pali fakitale ya simenti, ndipo akayenda makilomita pafupifupi 45 amafika m'tauni ya Kafue. Apaulendo ambiri satsika. Amagula nthochi kapena chimanga chootcha pawindo la basi, n'kuwoloka mlatho, kenaka pa mphambano ya Turnpike ena amakhotera ku Livingstone, ena amalunjika ku Chirundu. Chimene aona n'masitolo a m'mbali mwa msewu chabe. Wofuna kudziwa Kafue ayenera kutsika, alondole kumene madzi ali, pakuti zonse za kuno zidadza chifukwa cha mtsinje.

Mtsinje wa Kafue ndiwo wautali koposa mwa mitsinje yoyambira ndi kuthera m'dziko la Zambia. Gwero lake lili kumpoto, kufupi ndi malire a Congo, ndipo umayenda makilomita oposa 1,500 usanathire mu Zambezi pafupi ndi Chirundu. Tauniyi idamera pamene njanji yochokera ku Livingstone idawoloka mtsinjewu m'chaka cha 1906, pa mlatho wachitsulo wotalika mamita 427. Mlatho woyamba wa galimoto udaikidwa mu 1949, ndipo zitsulo zake zidayamba zagwirapo ntchito pa mtsinje wa Thames ku London nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Amishoni a mpingo wa Methodist adali ndi sukulu yawo kuno, ndipo mmodzi mwa amene adaphunzirapo ndi Harry Mwaanga Nkumbula, mtsogoleri wa chipani cha African National Congress pa nthawi yomenyera ufulu.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, boma lidafuna kuti Kafue ikhale tauni ya mafakitale. Lidamanga fakitale ya nsalu, ndipo mu 1970 lidatsegula fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia. Nyumba za ku Kafue Estates adamangira anthu ogwira ntchito m'menemo. Fakitale ya nsalu ija idadzatsekedwa, mabanja ambiri n'kusowa pogwira. Lero kuli fakitale yosungunula zitsulo, koma akuluakulu amakumbukirabe masiku amene ntchito inali yosasowa.

Kumadzulo kwa tauni, msewu wafumbi umadutsa minda ndi midzi mpaka ukathera pa dooko la Chanyanya. Kumeneko n'kofunika kulawirira. Kusanache bwino, mabwato ogoba amayamba kutulukira m'tinjira ta madzi ta pakati pa bango, wopalasa ataimirira kumbuyo, maukonde onyowa ataunjikidwa kumapazi. Bwato lisanagunde n'komwe pamtunda, amayi ogula nsomba amakhala atalowa kale m'madzi ofika m'mawondo, chitenje atachikwinyira m'mwamba, beseni lili m'manja. Wina amakuwa kuti, "Achimwene, zanga zija musapatse wina!" Pomwepo nsomba zimaikidwa m'milu, mtengo n'kumakambidwa m'Chinyanja, m'Chitonga, m'Chibemba ngakhale m'Chilozi, chifukwa asodzi a pano adachokera kumbali zonse za dziko. Zokondedwa kwambiri ndi zija zonga chambo, ndipo pali milamba yambiri. Zatsopano zimathamangira ku misika ya ku Lusaka dzuwa lisanakwere. Zotsala amazing'amba n'kuziwamba pa moto wa utsi kuseri kwa nyumba za udzu. Kuyambira pa 1 December mpaka kutha kwa February boma limaletsa kusodza kuti nsomba ziswane. Lamuloli n'labwino, koma miyezi imeneyi ndi yomwenso njala imaluma, ndipo banja lopanda munda limaona zakuda.

Ukaima pa dookopo n'kuyang'ana kumadzulo, suona phiri kapena mtengo wautali, koma udzu ndi madzi mpaka kumene maso alekezera. Apa ndipo pothera chigwa cha Kafue Flats, chachikulu masikweya kilomita 6,500. Chigwachi n'chathyathyathya kotero kuti mtsinje umangoyenda mwaulesi, ukukhotakhota, ndipo mvula ikagwa umasefukira mbali zonse. Madzi akaphwa pamamera msipu wobiriwira, ndipo Atonga ndi Aila akhala akubweretsa ng'ombe zawo kumeneku m'chilimwe kuyambira kalekale. M'chigwamo mumakhala mbawala za mtundu wa lechwe zimene sizipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi, zokonda kudya zitaima m'madzi. Zimatetezedwa ku Blue Lagoon kumpoto kwa mtsinje ndi ku Lochinvar kummwera. Nkhwazi, mbalame ya pa mbendera ya Zambia, siisowa pamwamba pa madziwa, ndipo mvuu ndi ng'ona zilimo ndithu. Ana a pa Chanyanya amakula akudziwa malo oyenera kutunga madzi ndi malo oopsa.

Kusefukira kwa madzi kumene kudalera nsomba, ng'ombe ndi lechwe sikuyendanso monga kale. Kumtunda kuli damu la Itezhi-Tezhi, kumunsi kuli la Kafue Gorge, ndipo madzi a m'chigwa amakwera ndi kutsika malinga ndi zosowa za magetsi. Malo ena amene ankauma chaka ndi chaka tsopano amakhala m'madzi nthawi zonse. Namasupuni nayenso amadzaza mtsinje, n'kutseka njira za mabwato. Ine ndikuona kuti okonza za madzi ndi magetsi ayenera kumamvera asodzi ndi abusa amenewa asanatsegule kapena kutseka zipata za madamu, poti iwowa ndiwo amayamba kumva kuwawa zinthu zikasintha. Likulu la dziko nalo limadalira madzi omwewa: mapampu a pa Iolanda, pafupi ndi tauni, amakankha madzi m'mipope kukwera nawo mpaka ku Lusaka.

Kum'mawa kwa tauni mtsinje umasinthiratu khalidwe. Umalowa pakati pa mapiri n'kugwa mamita oposa 500 usanafike m'chigwa cha Zambezi. Mphamvu imeneyi ndiyo imazungulitsa makina a Kafue Gorge Upper, oikidwa m'phanga pansi pa phiri, amene adayamba kugwira ntchito m'zaka zoyambirira za m'ma 1970 ndipo lero angathe kutulutsa ma megawatt 990. Kumunsi kwake adamanganso Kafue Gorge Lower, ya ma megawatt 750. Mlendo wokhala ndi nthawi angathenso kutsata msewu wa ku Mazabuka n'kukwera mapiri a Munali, amene David Livingstone adadutsa kumapeto kwa 1855 ali pa ulendo wake wopita ku nyanja ya kum'mawa. Kutsidya kwa mapiriwo kuli minda ya nzimbe ya Nakambala, yothiriridwa ndi madzi a Kafue.