Thupi likaphwanya pambuyo pa khasu, chimachitika n'chiyani m'minofu?

Mwezi wa October ukafika, anthu ambiri m'boma la Mwanza, kwa Kanduku, kwa Nthache ndi kwa Govati, amalawirira kumunda kukapanga mizere mvula isanagwe. Tsiku loyamba khasu limayenda bwino. Koma mawa lake kapena mkuja, munthu amadzuka msana uli gwa, mikono yosakwezeka. Ena amati ndi malungo n'kuthamangira kugolosale, chonsecho vuto lili m'minofu.

Mnofu unapangidwa ndi timaulusi tambirimbiri. Ukagwira ntchito yomwe sunazolowere, tina mwa timaulusiti timang'ambika pang'ono. Izi zimachitika kwambiri pamene mnofu ukulimbana ndi kulemera uku ukutamuka, monga potula thumba la chimanga kapena potsika zitunda za ku Thambani mutasenza dengu la manachesi. N'chifukwa chake kutsika phiri kumapweteketsa ntchafu kuposa kukwera. Katswiri wa ku America, Theodore Hough, analemba za ululu wochedwawu mu 1902.

Ululu umayamba pakatha maola 12 mpaka 24, umakula pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu, ndipo umatha pasanadutse sabata. Umachedwa chifukwa thupi limayamba latumiza maselo oyera a m'magazi kukachotsa zowonongeka. Malowo amatupa pang'ono, ndipo mitsempha yomvera ululu imamva msanga mukangokhudza.

Kenako kumanga kumayamba. M'mbali mwa kaulusi kalikonse muli timaselo togona, tomwe Alexander Mauro anatiwona koyamba mu 1961 m'mnofu wa chule. Pakakhala chovulala, timadzuka, kuchulukana, n'kulumikiza pong'ambikapo. Mnofu ukapola umapirira kuposa kale, choncho sabata yachiwiri ya kulima siwawa ngati yoyamba.

Chofunika ndi kuyamba pang'onopang'ono: mizere yochepa masiku oyamba, kuwonjezera pambuyo pake. Musagone tsiku lonse, kuyendayenda kumachepetsa ululu. Imwani madzi ambiri, makamaka nyengo yotenthayi, ndipo gonani mokwanira. Pambali pa nsima pakhale zomanga thupi monga nandolo, nyemba, nsinjiro, mazira kapena usipa. Ululu ukanyanya, panado ndi wokwanira. Bulufeni ndi indosidi akhoza kuvulaza impso ngati munthu watuluka thukuta kwambiri osamwa madzi.

Pali chizindikiro chimodzi chosafunika kuchizengereza. Minofu ikawonongeka kwambiri, imatayira m'magazi puloteni yotchedwa myoglobin, yomwe imatseka timachubu ta mu impso. Mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka, umachepa, ndipo mwendo kapena mkono umatupa n'kufowoka. Izi zikhoza kuchitikira waganyu amene wakakamira kumaliza ndime padzuwa, mnyamata wa kabaza, ngakhale mwana amene wapatsidwa chilango chodumpha ngati chule kwa nthawi yaitali. Wotereyu apite tsiku lomwelo kuchipatala chapafupi, monga cha Thambani kapena Kunenekude, kapena kuchipatala chachikulu cha boma pa Mwanza. Akalandira madzi a m'dilipi msanga, impso zimapulumuka.

Inu makolo ndi odzipereka pa zaumoyo m'midzi, funsani mafunso atatu: mwagwira ntchito yanji masiku awiri apitawa, thupi likutentha kodi, nanga mkodzo ukuoneka bwanji? Ululu wa ntchito subwera ndi kutentha thupi kapena kunjenjemera. Zimenezi zikaoneka, munthuyo akayezetse malungo asanamwe mankhwala alionse.