Za Miyeso ya Miphika m'Pulogalamu ya Ofulula Mowa Pang'ono

Mwambo wa kufulula mowa pa khomo suli wa ku midzi ya kwathu kokha ai. Ku Britain anthu analoledwa kufulula m'nyumba zao popanda ciphaso m'caka ca 1963, ndipo ku America President Jimmy Carter anasaina lamulo lotere m'caka ca 1978. Mowa wao uli wa cimera ca barele, ndi maluwa owawa ochedwa hops, ndi yisiti. Amai a kwathu ofulula mowa wa cimanga kapena wa mapira adziwa ndi maso muyeso wa mbiya zao, pakuti anakula nazo. Koma ofulula a m'maiko aja awerengera zonse ndi manambala, ndipo masiku ano ambiri apereka nchito ya kuwerengerayo kwa pulogalamu ya pa kompyuta kapena ya pa foni. Zina zodziwika ndizo BeerSmith, imene Brad Smith wa ku America anaiturutsa m'caka ca 2003, ndi Brewfather, ndi Brewer's Friend.

Tsono pulogalamu iribe maso, siiona mphika wanu kapena moto wanu. Iri ndi tsamba limene wofulula alembapo miyeso ya ziwiya zace, ndipo m'Cingerezi tsambalo alicha equipment profile. Munthu akapanda kulembapo zace, pulogalamu imtsata ndi miyeso ya mphika wa munthu wina, kawirikawiri ya mowa wa magaloni 5 a ku America, ndiwo malita 19. Iye amene afuna kufulula malita 4 kapena 5 okha m'khicini mwace asokera pomwepa, ngakhale cimera cace ciri cabwino. Cifukwa cace tifuna kulongosola miyesoyo umodzi umodzi.

Za mau amene tidzagwiritsa nchito

Mau akuti kuwira ali ndi matanthauzo awiri m'cinenero cathu, pakuti madzi awira pa moto, ndipo mowa uwiranso m'mbiya popanda moto. Muno tikati kuwira tinena za pa moto. Za m'mbiya tidzati kupsa. Madzi otsekemera oturuka m'cimera, amene Angerezi awacha wort, tidzawacha msuzi. Kuphwera ndiko kucepa kwa msuzi pouluka nthunzi. Masese ndiwo cimera cotsala msuzi utacoka, ndipo nsenga ndizo zinyalala zokhala pansi pa mphika kapena pa mbiya. Mbiya tinena cotengera ciri conse copseramo mowa, cingakhale cidebe, cingakhale botolo lalikuru la galasi.

Cenjeraninso ndi mau akuti galoni, pakuti magaloni alipo awiri. La ku America liri malita 3.79, koma la ku Britain liri malita 4.55. Nkwabwino kuuza pulogalamu kuti iwerengere zonse m'malita ndi makilogalamu.

Cifukwa cace mowa wocepa ubvuta koposa

Theka la lita likatsalira pansi pa mphika wa malita 19, latayika gawo limodzi la magawo 38, ndipo mwini sazindikira kanthu. Koma theka lomwelo likatsalira pa malita 4.5, latayika gawo limodzi la magawo 9. Akuru anati, pang'ono pang'ono ndi mtolo. Ndipo pa mowa wocepa mtolowo ukula msanga, popeza msuzi utayika pa malo anai kapena asanu usanafike m'botolo.

Cina ndi ici. Kuphwera sikutsata kucuruka kwa msuzi, koma kutsata kukula kwa kamwa la mphika ndi mphamvu ya moto. Mphika umodzi pa moto umodzi uphweretsa pafupifupi cimodzimodzi pa ora, mukhale malita 6, mukhale malita 9. Momwemo sitingathe kungogawa miyeso ya mphika waukuru ndi kunena kuti tapeza ya waung'ono. Tiyenera kuyesa tokha, ndi madzi cabe, tisanaononge cimera.

Muyeso woyamba: ukulu wa mphika

Musakhulupirire nambala yolembedwa pa mphika kapena pa cidebe. Lita limodzi la madzi ozizira lilemera kilogalamu imodzi. Tsono yesani madzi pa sikelo, nimuthire lita limodzi limodzi, ndi kulemba cizindikiro pa mthiko kapena pa ndodo yoyera nthawi iri yonse. Mphika wowongoka wa masentimita 24 m'mimba mwace ulowa malita 0.45 pa sentimita imodzi ya msinkhu. Taonani tsono: kuphonya ndi cala cimodzi copingasa ndiko kuphonya pafupi lita lathunthu.

Muyeso waciwiri: ophwera pa ora

Thirani malita 7 a madzi, muwiritse ora limodzi pa moto womwewo umene mudzafululirapo, wosabvundikira mphika. Ofulula sabvundikira msuzi powira, cifukwa nthunzi icotsa fungo lina la m'cimera longa la cimanga cophika. Ndipo kuyesa kuyenera kufanana ndi kufulula. Madzi atazizira, yesani otsala. Kusiyana kwace ndiyo nambala yolemba m'pulogalamu, malita akutiakuti pa ora.

Tinati atazizira, pakuti madzi owira atupa. Kucokera pa kutentha kwa m'nyumba kufikira pa kuwira aonjezeka magawo 4 pa 100, ndipo pozizira abwerera. Mapulogalamu ali ndi malo a nambala imeneyi, ndipo 4 yolembedwamo kale iri yoona pa mphika uli wonse, musaisinthe.

Muyeso wacitatu: omwedwa ndi cimera

Cimera couma cimwa madzi, ndipo masese sawabweza onse. Kumene msuzi ungokha wokha, kilogalamu imodzi ya cimera isunga pafupi lita limodzi. Koma ofulula pang'ono ambiri amanga cimera m'thumba la nsaru, naliviika m'mphika womwewo wowiritsira, nalifinya potsiriza. Mwa njira imeneyi kilogalamu isunga pafupi malita 0.6. Uzani pulogalamu njira imene mutsata, ndipo pa tsiku la kufulula muyese madzi olowa ndi msuzi woturuka, kuti mudziwe kafinyidwe ka manja anu. Wa thumba alembe 0 pa malo ofunsa za madzi otsalira m'cotengera coviikira cimera, popeza alibe cotengera caciwiri. Kumbukiraninso kuti cimeraco cifuna malo ace m'mphika, pafupi malita 0.67 pa kilogalamu.

Muyeso wacinai ndi wacisanu: otsala ndi nsenga

Msuzi utawira ndi kuzizira, pansi pa mphika pakhala nsenga za hops ndi za cimera. Ena atsanulira zonse m'mbiya, ena asiya nsengazo pamodzi ndi msuzi pang'ono. Njira zonse ziwiri zituruka mowa; cofunika ndico kutsata imodzi masiku onse, ndi kuyesa cotsalaco m'kapu yoyesera. Mphika wa mpopi usiyanso msuzi wa kunsi kwa mpopiwo.

Momwemonso m'mbiya, mowa utapsa, yisiti ikhala pansi, ndipo sitiithira m'mabotolo. Pa muyeso uwu muonjezepo mowa umene mutapa poyesa ndi hydrometer, cipangizo coyandama cimene cionetsa kulemera kwa msuzi; pakuti kutapa kawiri kapena katatu kutha kudya botolo lathunthu. Ndipo mbiya ikhale yoposa mowa wace, kuti thobvu lipeze malo.

Nambala imene isokoneza ambiri

Pulogalamu ifunsa batch size, ndiko kucuruka kwa mowa umene mufuna. Wophunzira alemba mowa umene afuna kumwa, koma sindiwo afunsidwa ai. BeerSmith ifuna msuzi wolowa m'mbiya. Brewfather ilola munthu kusankha, wa m'mbiya kapena wa m'mphika utatha kuwira. Musanalembe nambala, werengani bwino kuti afunsa za m'ciwiya citi.

Citsanzo ca kuwerengera

Kuwerengera kuyamba ku mapeto ndi kubwerera m'mbuyo. Manambala awa ali a citsanzo cabe, anu adzasiyana. Tinene kuti tifuna mabotolo 12 a mamililita 330, ndiwo pafupi malita 4. M'mbiya mutsala malita 0.5, tsono olowa m'mbiya akhale 4.5. M'mphika mutsala 0.5; tsono msuzi wozizira ukhale 5.0, ndipo uli wotentha udzaoneka 5.2 pa mthiko wathu. Pa ora limodzi paphwera 1.5, tsono poyamba kuwira pakhale 6.7. Cimera cathu ndi makilogalamu 1.2 m'thumba, cimwa 0.7, tsono madzi onse oyamba nao ndiwo malita 7.4. Malita 4 a mowa afuna madzi pafupi kuwirikiza kawiri.

Tiikepo malo a cimera, malita 0.8, ndipo m'mphika mudzakhala 8.2. Mphika wa malita 8 udzasefukira. Ufunika wa malita 10. Wokhala ndi mphika wocepa asunge madzi ena pambali, nawathire cimera citacoka, ndipo pulogalamu iri ndi malo olembapo madzi oonjezerawo.

Cimene cioneka tikaphonya

Madzi cabe pa hydrometer aonetsa 1.000, ndipo msuzi wa mowa wamba uonetsa monga 1.050. Shuga wa m'msuzi sauluka ndi nthunzi. Cifukwa cace tikacurukitsa 50 ndi malita 5 tipeza 250, ndipo 250 ameneyo akhala, madzi acuruke kapena acepe.

Tsono munthu akasiya nambala ya mphika waukuru, wophweretsa malita 4 pa ora, pulogalamu idzamuuza kuthira madzi oposa ndi malita 2.5. Adzatsiriza ndi msuzi wa malita 7.4, ndipo 250 pogawa ndi 7.4 apatsa 34. Msuzi wace uli 1.034, mowa wosukuluka, wosakwana ndi m'mbiya momwe. Akagawa nambala ija monga mwa kucepa kwa mowa wace, nalemba lita limodzi pa ora, madzi adzaperewera ndi theka la lita. Msuzi udzafika 1.056, mowa waukali ndi wowawa koposa umene anafuna, ndi mabotolo ena opanda kanthu. Ndipo pulogalamu idzamnamizanso za cimera cace, pakuti iwerengera kucuruka kwa shuga woturuka m'cimera ndi malita omwewo olakwa. Iye nadzagula cimera cina, kapena kusintha kaperedwe kace, pamene cilema ciri m'muyeso wa madzi.

Coopsa koposa ciri pa mabotolo. Pothira mowa m'mabotolo aikamo shuga pang'ono, pafupi magalamu 6 pa lita, kuti yisiti yotsala ipange mpweya. Shuga ameneyu ayenera kuwerengeredwa pa mowa weniweni wolowa m'mabotolo. Pa malita 4 afunika magalamu 24; koma pulogalamu ikaganizabe za malita 19 idzanena magalamu oposa 100. Mabotolo otere aphulika patapita masiku, ndipo magalasi ace alasa munthu m'maso ndi m'manja. Yesani mowa umene uli pamaso panu musanayese shuga.

Za kusunga miyeso

Kuona maso a nkhono nkudekha. Kufulula koyamba sikudzakwana ndendende, ngakhale mwayesa zonse ndi madzi. Khalani ndi kabuku, ndipo tsiku liri lonse la kufulula mulembemo manambala asanu: madzi oyamba nao, msuzi usanawire, msuzi utawira, wolowa m'mbiya, ndi wolowa m'mabotolo, mulembenso ngati munayesa wotentha kapena wozizira. Mutafulula katatu, tengani nambala ya pakati ya muyeso uli wonse, nimukonze nayo tsamba la ziwiya. Musasinthe miyeso yambiri cifukwa ca tsiku limodzi loipa. Koma mukagula mphika wina, kapena mukacoka pa moto wa magetsi kupita pa wa gasi, kapena kuturuka m'nyumba kukafululira pa bwalo pali mphepo, thiraninso malita 7 a madzi, muwiritse ora limodzi, ndi kuyesa kuphwera kwatsopano musanaviike cimera.