Makina Akaima Pachipatala

Pazipatala zimene zili ndi makompyuta, odwala anaŵazoloŵera mau akuti, "Dikirani pang'ono, makina aima." Mauŵa akamveka, mzere wa anthu umene unayamba mbandakucha umangoti chilili. Mai amene wayenda mtunda wautali ndi mwana kumsana amayamba kuyang'ana dzuŵa, bambo amene wasiya khasu m'munda amang'ung'udza, ndipo ena amaganiza kuti kalaliki wangogwidwa ndi ulesi. Komatu nthaŵi zambiri vuto silikhala patebulo la kalalikiyo. Limakhala m'kachipinda kena kokhoma, kumene odwala saloŵako, mmene muli kompyuta imodzi yosunga mbiri ya aliyense wolandira chithandizo pamalopo. Kompyuta imeneyi amaitcha seva, ndipo zonse zimene zasungidwa m'menemo akatswiri amazifanizira ndi nkhokwe.

Makina a mtundu umenewu anayamba kugwira ntchito m'Malaŵi m'chaka cha 2001, m'chigawo cha ana pachipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chimene lero chimatchedwa Kamuzu Central. Anaŵayambitsa ndi a Gerry Douglas, amene anakhazikitsa bungwe la Baobab Health. Boma litayamba kupereka mwaulere mankhwala otalikitsa moyo, ma ARV, m'chaka cha 2004, oŵalandira anachuluka msanga, kotero kuti kufufuza munthu mmodzi m'mabuku a kaundula kunasanduka chintchito. Mu 2006 bungwelo linaika makina osungira mbiri ya odwala ameneŵa pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo pambuyo pake anafalikira m'zipatala zina. Wogwira ntchito ankangogwira ndi chala pagalasi la kompyuta, ndipo kamakina kosindikiza kankatulutsa kapepala ka timizere takuda, kamene ankakamata m'kabuku ka kuchipatala.

Kaundula wa mtundu wina

Munthu amene anaonapo kaundula wa kusikelo angathe kumvetsa mmene seva imasungira zinthu. M'kaundula munthu aliyense amakhala ndi mzere wake, ndipo mzerewo umagaŵidwa: apa dzina, apa mudzi, apa zaka, apa kulemera kwa thupi. Kuvuta kwake n'kwakuti munthu akabwera kakhumi, dzina lake limalembedwanso kakhumi, ndipo dzanja lotopa likhoza kulakwitsa pena.

M'chaka cha 1970, katswiri wa masamu wobadwira ku England, a Edgar Codd, amene ankagwira ntchito kukampani ya IBM ku America, anafotokoza njira ina. Iwo anati chinthu chilichonse chilembedwe pamalo pake, m'mindandanda yosiyanasiyana, ndipo mindandandayo ilumikizane mwa chizindikiro chimene sichibwerezedwa. Pachipatala chizindikirocho ndi nambala ya wodwala. Motero pamakhala mndandanda wa anthu, mmene dzina, mudzi ndi tsiku lobadwa zimalembedwa kamodzi kokha. Mndandanda wa maulendo amene munthu wabwera. Mndandanda wa mankhwala amene wapatsidwa. Ndi mndandanda wa zotsatira za magazi. M'mindandanda inayi dzina silibwerezedwa, koma nambala yokha. Dokotala akapereka nambalayo, seva imasonkhanitsa zonse za mwini wake m'kanthaŵi kochepa. Munthu akasamuka mudzi, amakonza malo amodzi basi.

Mafunso opita kunkhokwe yotere amalembedwa m'chinenero cha makompyuta chotchedwa SQL. Mapulogalamu oyendetsa nkhokwe alipo angapo. Makina a Baobab ankagwiritsa ntchito MySQL, imene inatuluka koyamba ku Sweden mu 1995. Ziŵerengero za mwezi ndi mwezi zimene zipatala zimatumiza kuboma, monga za malungo, za obereka ndi za katemera, zimaloŵa m'pulogalamu ina yotchedwa DHIS2, yopangidwa motsogozedwa ndi yunivesite ya Oslo ku Norway, ndipo iyo imasunga zinthu zake mu PostgreSQL.

Munthu mmodzi, manambala aŵiri

Seva sidziŵa nkhope ya munthu, ndipo sidziŵa kuti uyu ndi mdzukulu wa uje. Chimene imadziŵa ndi nambala. Apa ndi pamene pamachokera vuto limene limasautsa kwambiri osamala nkhokwezi, ndipo kaŵirikaŵiri limayambira pakhomo penipeni pa chipatala.

Zimachitika chonchi. Mai wina wataya kabuku kake, kapena kanyowa ndi mvula, kapena chiswe chakadya. Poopa kukalipiridwa, akafika kwa kalaliki amanena kuti n'koyamba kubwera. Kalaliki amamulemba ngati mlendo ndi kumupatsa nambala yatsopano. Kuyambira tsiku limenelo, m'nkhokwe muli amai aŵiri pamene padziko pali mmodzi. Mai wa nambala yakale amaoneka ngati wasiya kumwa mankhwala, ndipo dzina lake likhoza kuloŵa pagulu la anthu oti akafunidwe kumudzi, chikhalirecho mwini wake akumwa mankhwala mokhulupirika. Mai wa nambala yatsopano amaoneka ngati alibe mbiri iliyonse. Dokotala saona kuti mankhwala ena anamutulutsapo zidzolo, saona kuti thupi lakhala likutsika, ndipo zotsatira za magazi amene anatengedwa mwezi watha zimakafikira panambala yakale, pamene palibe amene akuyang'anapo.

Palinso kulakwa kwina koposa apa. Munthu akabwereka kabuku ka mbale wake, anthu aŵiri amaloŵa m'nambala imodzi. Matenda a wina amalembedwa pa mnzake, ndipo mwana akhoza kuyezeredwa mankhwala potsata kulemera kwa mkulu wake.

Wosamala nkhokwe amafufuza manambala oŵirikiza otereŵa ndi kuŵaphatikiza, koma ndi ntchito yofuna mtima wofatsa. M'mudzi umodzi mungathe kupezeka a Banda aŵiri a dzina limodzi, obadwa chaka chimodzi. Mapasa amakhala ndi tsiku limodzi lobadwa, mai mmodzi ndi mudzi umodzi. Akaphatikiza anthu aŵiri osiyana, kuŵalekanitsanso kumavuta kuposa kusankha mchenga mu ufa. Chifukwa chake katswiri wanzeru saphatikiza asanafunse anamwino amene amaŵadziŵa anthuwo. Chiphaso cha unzika, chimene anthu analembetsa m'dziko lonse mu 2017, chimathandiza kalaliki kulemba dzina ndi tsiku lobadwa mofanana nthaŵi zonse. Kunena zoona, kalaliki amene amakalipira munthu wotaya kabuku nayenso ali ndi mlandu pankhaniyi, popeza mantha ndi amene amabala bodza.

Kufufuza chimene chavuta

Makina akaima, katswiri wodziŵa ntchito yake sathamangira kutsegula seva. Amachita monga dokotala amene amayamba ndi kufunsa. Funso loyamba ndi lakuti: kodi yaima ndi kompyuta imodzi kapena onse? Ngati ndi imodzi, ndiye kuti nkhokwe ili bwino, ndipo vuto likhoza kukhala waya amene wasololoka kapena amene makoswe atafuna kudenga. Ngati aima onse, amaona magetsi ndi mabatire. Ndi zimenezi zikakhala bwino pamene amafika paseva yeniyeni.

Seva imalemba yokha buku la zochitika, mmene imatchula nthaŵi imene yayamba ntchito, nthaŵi imene yaima, ndi chimene chaikanika. Kuŵerenga bukuli ndiko kuyeza wodwalayo. Nthaŵi zina limaonetsa kuti disiki, chimene ndi chosungiramo zonse, yadzaza. Disiki ikadzaza nkhokwe silandiranso kanthu katsopano, monga mmene nkhokwe ya chimanga ikafika pakamwa sipangaloŵenso dengu lina. Chodabwitsa n'chakuti zodzazazo kaŵirikaŵiri sizikhala mbiri za odwala, koma mabuku a zochitika akalekale ndi makope akale amene palibe anaŵachotsa. Komabe kuchotsa kumafuna kusamala, chifukwa wofufuta mwaphuma angathe kufufuta chimene nkhokwe imadalira.

Nthaŵi zina seva siima, koma imangoyenda ngati nkhono. Pamene odwala anali mazana oŵerengeka, kufufuza dzina kunali kosavuta. Atafika zikwi zambiri, ndipo aliyense ali ndi maulendo ambirimbiri, seva ikamayang'ana mzere uliwonse kuyambira pamwamba imachedwa. Mankhwala ake ndi kalozera, wonga uja wa m'buku la nyimbo amene amasonyeza tsamba popanda kutsegula buku lonse. Katswiri amaona funso limene likuchedwa ndi kuliikira kalozera woyenera. Kuchedwa kwina kumadza pamene wina ayamba kutulutsa lipoti lalikulu la miyezi itatu m'maŵa, mzere wa odwala uli pakhomo. Lipoti lotere liyenera kudikira madzulo.

Palinso lamulo limene nkhokwe imatsata: anthu aŵiri sangasinthe mzere umodzi panthaŵi imodzi. Woyamba akaugwira, wachiŵiri amadikira mpaka woyambayo atamaliza. Lamuloli ndi labwino, chifukwa limaletsa kuti zolemba za wina zifufute za mnzake, koma ntchito ina ikakakamira pakati osamaliza, ena onse ofuna mzere umenewo amaima. Katswiri amaifufuza ntchito yokakamirayo ndi kuithetsa.

Kanthu kena kakang'ono kamene kamabweretsa chisokonezo chachikulu ndi koloko. M'kati mwa kompyuta muli kabatire kofanana ndi kandalama kachitsulo, kamene kamasunga tsiku ndi ola magetsi akazima. Kakatha mphamvu, kompyuta ikhoza kudzuka ili m'chaka china, ndipo maulendo onse a tsikulo amalembedwa patsiku lolakwika, pamodzi ndi masiku odzabweranso. Fumbi ndi kutentha kwa mwezi wa Okutobala nazonso zimafooketsa makina, n'chifukwa chake kachipinda kaja sikayenera kusandutsidwa mosungira makatoni.

Magetsi akazima pakati pa ntchito

Ambiri amafunsa kuti chimachitika n'chiyani magetsi akazima wogaŵa mankhwala ali m'kati molemba. Nkhokwe yoyendetsedwa bwino imatenga ntchito yonseyo ngati mtolo umodzi: kapena zonse ziloŵe, kapena pasaloŵe kanthu. Sizingatheke kuti ilembe kuti mankhwala atuluka koma osalemba amene waŵalandira. Isanasinthe mindandanda, imayamba yalemba m'buku lake lapadera zimene ikufuna kuchita. Magetsi akayakanso imaŵerenga bukulo, kumaliza mitolo imene inatsirizidwa ndi kubweza imene inadukira panjira. Ntchito imeneyi imatenga nthaŵi, ndipo kaŵirikaŵiri ndi imene imakhala ikuchitika pamene odwala akuona kuti magetsi ayaka koma makina sanayambe. Wogwira ntchito amene watopa ndi kudikira n'kuzimitsa seva pakhoma amangotalikitsa nthaŵiyo. Poona kuvuta kwa magetsi, a Baobab anapanga makina awo kuti azidya mphamvu yochepa ndi kuyendera mabatire.

Kope lachiŵiri

Mwa ntchito zonse za wosamala nkhokwe, yaikulu ndi imene sioneka: kutenga kope la zonse tsiku ndi tsiku. Disiki ndi chitsulo, ndipo tsiku lina imafa, nthaŵi zina osadwala n'komwe. Mlimi wochenjera sasunga mbeu yonse m'nyumba imodzi. Chimodzimodzi kope losungidwa m'seva yomweyo silithandiza seva ikapsa, ndipo losungidwa m'chipinda chomwecho silithandiza akuba akathyola chitseko kapena madzi akaloŵa. Namondwe wa Freddy, amene anagwa m'mwezi wa Malichi 2023, anaononga zipatala zina m'chigawo cha kummwera, ndipo tsoka lotere limatenga mapepala ndi makina pamodzi. Motero kope lina liyenera kukhala kutali.

Kutenga kope pakokha sikokwanira. Kope limatha kukhala lopereŵera kapena loonongeka popanda wina kudziŵa, kufikira tsiku limene lafunika. Katswiri wosamala amaliyesa nthaŵi ndi nthaŵi, poliika m'kompyuta ina ndi kuona ngati odwala onse akupezekamo. Ayeneranso kudziŵa kuti kope la usiku watha lilibe za lero. Seva ikafa masana, za m'maŵa wonse ziyenera kuloŵetsedwanso kuchokera pamapepala. Apa ndi pamene kabuku ka wodwala kamaonetsa ulemu wake. Makina akaima nthaŵi yaitali, ogwira ntchito amabwerera kupepala ndi cholembera kuti chithandizo chisaime, ndipo zolembedwazo amaziloŵetsa makina akadzuka.

Ena amaopa kuti matenda awo akaloŵa m'kompyuta ndiye kuti afika pamtetete. Mantha ameneŵa ndi omveka. Wogwira ntchito aliyense amayenera kukhala ndi mau ake achinsinsi oloŵera, ndipo amaloledwa kuona zokhudza ntchito yake. Makina amalemba dzina la amene waloŵetsa chinthu chilichonse. Kubwerekana mau achinsinsi kumapha chitetezo chonsechi, ndipo wosamala nkhokwe ayenera kutseka njira ya aliyense amene wasiya ntchito kapena wasamutsidwa. Makope aja nawonso amayenera kutsekedwa kuti wongoŵatola asathe kuŵaŵerenga. Kuyambira mu 2024 dziko la Malaŵi lili ndi lamulo lapadera loteteza mbiri za anthu, ndipo za umoyo zili m'gulu la zofunika kusamalidwa koposa.

Wodwala naye ali ndi mbali yake. Kabuku kasungidwe m'pepala lapulasitiki, kutali ndi madzi ndi chiswe, ndipo kapepala ka timizere kasapindidwe kapena kukandidwa. Kakatayika, munthu anene poyera kuti anabwerapo kale, ndipo atchule dzina, mudzi ndi mfumu monga analembetsera poyamba. Mai amene anasintha dzina pokwatiwa atchule maina onse aŵiri. Asanachoke patebulo la kalaliki, aŵerenge dzina limene lasindikizidwa pakapepalako, kapena apemphe kuti amuŵerengere, pamodzi ndi tsiku lodzabweranso. Chikalakwika chilembo chimodzi, kalaliki angathe kuchikonza pomwepo munthuyo asanapite kukalandira mankhwala.